Namwino Wodzutsa Akufa

Namwino amene ankayala zofunda madzulo amenewo anali ndi manja aang'ono ofunda. Mkulu wina wodwala, ali chigonere m'chipatala cha m'dziko la eni, anawayang'ana n'kukumbukira manja ena, aakulu, ozizira, onunkha mankhwala okolopera.

Kwawo, zaka makumi atatu zapitazo, kunali namwino amene anthu ankamutchula kuti Chimanja. Madokotala ankanena okha kuti mwa anthu khumi amene mtima waima n'kuwapopa pachifuwa, otuluka pachipata akuyenda ndi mmodzi kapena awiri. Koma opopedwa ndi Chimanja ankadzuka onse. Ndipo tsiku lomwelo, kunyumba kwa wodzukayo kunkagwa wina wabwinobwino. Telala wina anadzuka, mng'ono wake n'kufera pampando akumeta. Pamzere wolandirira mankhwala anthu ankanong'onezana.

"Amachita kusinthanitsa ameneyu."

"Khalani chete inu, akubwera."

Mtima wa mkazi wa mkuluyu unaima Lachiwiri masana. Iye anaima kuseri kwa katani, akumva nthiti zikuthyoka ngati tinkhuni touma. Patapita mphindi makumi awiri, dokotala anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Basi." Mwamunayo anakankha katani, n'kugwira Chimanja pamkono.

"Chonde mayi, musasiye."

"Bambo, muli ndi ana angati?"

Mphekesera ija mwamunayo ankaidziwa bwino.

"Atatu," anayankha.

Chimanja anaweramanso. Mkaziyo anakoka mpweya ngati chitseko chadzimbiri. Nthawi yomweyo kunyumba, mwana wawo wamkazi wotsiriza anagwa akuanula zovala, malaya a bambo ake ali m'manja.

Mkaziyo anatuluka m'chipatala akuyenda, koma sanalankhulenso. Madzulo aliwonse ankaika mbale zisanu patebulo, n'kukhala phee mpaka chakudya chizizire. Anakhala miyezi inayi n'kumwalira. Chimanja anasamuka osatsanzika, ndipo kumene analowera palibe akudziwa. Nayenso mwamunayo anatenga ana awiri otsalawo n'kuchoka, osabwereranso ngakhale kukalambula manda.

Namwino wa manja aang'ono uja atamaliza kuyala, mwana woyamba wa mkuluyo analowa ndi pepala.

"Adokotala amafunsa, bambo. Mtima ukaima, ayese kukudzutsani? Ndalemba kuti inde."

"Fufuta."

"Ingoyesani, bambo. Enatu amachira."

"Ndikudziwa. Uli ndi ana awiri iwe. Fufuta."

Kenaka anamuuza zonse, kwa nthawi yoyamba, ndi mawu amene munthu amafotokozera njira ya kumsika. Mwanayo sanalire. Anangoyang'ana pansi, kenaka anadutsitsa cholembera pa "inde" uja.

"Tsopano tembenuza pepalalo," anatero mkuluyo. "Lemba zimene wamvazi, mchemwali wako ndi ana ako adzawerenge. Koma usalembe kuti namwino anandipusitsa. Ulembe kuti iye anafunsa, ine ndinayankha."