Foni ya Pakhoma M'chipinda Chojambulira

Tandiuzeni, inu ophunzira: chimaona mafupa a munthu akadali moyo, koma dzina lake sichilidziwa. N'chiyani? Mwagwa nayo. Ndi makina ojambula m'thupi aja a kuchipatala. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma bodza sindinaliphunzire. Izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mayi wokolopa m'chipatalamo analipo, mukamufunse.

Mlongo wanga anagwa padenga akukhoma malata. Tinafika naye kwa odwala mwadzidzidzi dzuwa litapendeka, akungobuula, osatha kuyankhula. Adokotala anati akamujambule m'mimba, koma ayambe amubaya mankhwala oti zam'kati zioneke bwino. Ndinagwira namwino mkono.

"Mwanangu, mankhwala amenewo ayi. Chaka chatha anamutupitsa khosi, tinatsala pang'ono kuitana achibale."

"Ndamva, azakhali," anatero. Poti pepala la wodwala linali litapita kale ndi machira, analemba pa gulovu yomwe anavala. Nthawi yoweruka inamukwanira pomwepo. Ndinamuona akuvula gulovuyo, n'kuponya m'bini, chikwama paphewa, ulendo.

Ndinathamangira machira ndi maondo anga olira ngati chitseko chakalewa. Pakhomo la chipinda chojambulira panaima wojambulayo, bambo wa mimba yake, anzake amamutcha Sindiphonya.

"Bambo, wodwalayu..."

"Agogo, khalani pabenchi. Zaka makumi awiri ndili pano, sindinafunsepo nzeru kwa odikirira odwala. Chomwe sichili papepala kulibe."

Anatseka chitseko chonenepa ngati khoma. Pamwamba panayaka kagetsi kofiira. Ndinagogoda, ndinangopweteka chala. Ndinapempha wokankha machira, anati yake ntchito ndi kukankha. Mayi wokolopa yekha anaima nane, mopu m'manja, tonse kusowa pogwira.

Makina anayamba kung'ung'udza. Kenaka zii. Fungo la mankhwala okolopera linachoka. Linabwera la zovala zokhalitsa m'sutikesi. Kuzizira kunakwera kuchokera kumapazi.

M'katimo foni ya pakhoma inalira. Kulira kwachikale, kwa belu.

Mayi uja anandifinya dzanja. "Foni imeneyo ilibe chingwe," ananong'ona. "Ndimaipukuta tsiku lililonse."

Inalira katatu. Inasiya.

Chitseko chinatseguka. Sindiphonya anatuluka jakisoni ali m'manja, akadali wodzaza. Milomo inali itamuyera.

"Wayimba ndani?"

Anafunsa choncho, n'kupitiriza yekha.

"Mawu a mzimayi. Akuti, 'Kamphuno musamubaye.' Nditabwereza dzinalo, wodwala wanu wavomera."

Dzina limenelo ankamutcha ndi mayi athu okha, ndipo mayi tinawaika m'manda ine ndisanamere imvi.

Apo ndiye anandimvetsera za khosi lija. Anamujambula osamubaya, n'kupita naye kumpeni. Anapulumuka. A magetsi atabwera kudzachotsa foniyo, anapezamo mazira a mphemvu basi.

Patapita masiku atatu, ndikuyendetsa mlongo wanga pang'onopang'ono m'khonde, tinamupeza Sindiphonya atazunguliridwa ndi anamwino, chifuwa patsogolo.

"Foni yanji? Ndinazindikira ndekha, kungomuyang'ana m'maso wodwalayo. Ine mizimu imandipatsa moni ndi manja awiri."

Pomwepo foni ya wokankha machira inalira m'thumba. Bambo uja sindinaone mmene anadumphira. Ndinangomva munthu atandikakamira kumsana, nkhope ataibisa m'juzi yanga, nsapato imodzi itatsala pakati pa khonde.

"Bwanawe," ndinatero, "ndilibe pepala loti ndikubereke. Tsika."

Anamwino anaseka mpaka kugwira khoma. Mlongo wanga ankapempha kuti tisiye, ulusi ungamasuke, koma naye misozi ili mbwembwembwe.