Nyale Yobiriwira ya Pamasitepe

Gregory atalowa mu hotela ina yakale ya ku Chilumba, sanapereke moni kwa Leticia wa polandirira alendo. Anayamba wagwada n'kusisita simenti ya pansi, yamawangamawanga ngati nkhanga.

"Mwataya kanthu, bwana?"

"Yayi, dona. Mukutaya ndinu. Mumaponda mbiri tsiku lililonse!"

Anati anaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Anazinena kawiri, kuopa kuti mwina koyambako mphepo inauluza.

Masiku otsatira anamuonetsa Leticia khonde lokhota ngati mutu wa sitima, masitepe opanda mzati, ndi khoma la njerwa zamabowo limene amisiri a m'ma 1950 anamanga kuti mphepo ya kunyanja izilowa. Mwera ukawomba, mabowowo ankaimba likhweru.

"Tamvera, wakutemweka, wokondedwa wanga. Khomali likuitana dzina lako."

Leticia anatchera khutu. Analimva ndithu!

Meseji sinachedwe: "Duwa langa, ukwati wathu tidzamangira pansi pa nyale yobiriwira ya pamasitepe ija. Undibwereke makiyi, ndikajambule zipinda zotseka zija."

Akanakana bwanji munthu wolemba chonchi?

Kenaka zinthu zinayamba kusowa. Zogwirira zitseko zamkuwa. Galasi lozungulira. Pomaliza, nyale yobiriwira.

"Ndi mzukwa wa mzungu amene anamanga muno," ananong'ona Ipyana, wokonza m'zipinda. "Ukutolera zake."

Amanijala sanatsutse. "Leticia, mzukwa ulibe ntchito yoti ndiuchotse. Iwe uli nayo, ndipo makiyi amakhala kwa iwe."

Leticia anaimbira Gregory akulira.

"Mizimu ya nyumba zakale ndi yansanje, switi. Usatchule dzina langa, ingandilondole."

Sanalitchule. Foni ya Gregory nayo inayamba kusowa.

Mmawa wina Ipyana anabwera atagwira foni yake ngati khala lamoto. "Asisi, taonani chinkhoswe cha msuweni wanga ku Mzuzu. Achitira pamalo odyera atsopano a mkwatibwi, msuweni wangayo."

Leticia anaona kaye nyale, yobiriwira, itapachikidwa bwinobwino. Kenaka galasi lozungulira. Pansi pa nyaleyo, atagwada monga mwa chizolowezi chake, panali Gregory ndi mphete m'manja.

"Mayo!" anatero Ipyana. "Mukumudziwa?"

"Mzukwa wathu uja. Wavala suti."

Chithunzicho chinapita kwa amanijala, ndipo ntchito ya Leticia inapulumuka. Lonjezo nalo linasungidwa ndithu: pansi pa nyale yomweyo. Anangosintha mkazi basi.

Madzulo mwera unawomba, khoma n'kuyamba likhweru lake. Leticia sanafune kumvetsera, koma linkatchulabe dzina lake, ndi mawu a Gregory enieni.

Anatenga nyuzipepala zakale, n'kuyamba kutseka mabowowo limodzilimodzi.