Wotchi Ikuti Ambuya Ali pa Madzi

Alzira ankakhala ku Feira ndi Amayi ndi Ambuya Domingos. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Ambuya asachoke pakhomo.

Kale Ambuya ankaolotsa anthu pa bwato. Ankapita ku Zumbo, kutsidya la mtsinje. Ankabwerera ku Feira. Tsopano miyendo inali itatopa. Maso nawonso anali atatopa.

Mwana wawo, Anti Emelina, anali nesi ku Lusaka. Iwo anatumiza wotchi yakuda. Ambuya anaivala pamkono. Akayenda, wotchi inkadziwa. Akakhala, inkadziwa. Akagona, inkadziwa. Zonsezi inkauza foni ya Anti.

"Wotchi yamiseche," ankatero Ambuya.

Tsiku lina foni ya Amayi inalira. Anali Anti.

"Wotchi ikuti Atate akupalasa bwato masana alionse," anatero Anti. "Ndi maso amenewo? Mvuu sangaione. Ndibwera kudzawatenga. Azikhala kuno ku Lusaka."

"Anti, Ambuya sapita kumtsinje," anatero Alzira.

"Wotchi sinama, mwanawe."

Masana Alzira sanapite kosewera. Anabisala kuseri kwa khola la mbuzi. Ambuya anatuluka ndi nkhafi yawo yakale. Sanapite kumtsinje. Anapita pansi pa mtengo wa masau. Pamenepo panali bwato lobooka. Nkhuku zinkaikiramo mazira.

Ambuya anakhala m'bwatomo. Anapalasa kumanja. Anapalasa kumanzere. Pansi panali mchenga wokhawokha.

"Ambuya, mukupita kuti?" anafunsa Alzira.

"Ku Zumbo. Kwera. Usaponde mazira."

Alzira anathamanga kukatenga foni ya Amayi. Anaimbira Anti pa vidiyo. Anawaonetsa bwato. Anawaonetsa mchenga. Anawaonetsa nkhuku.

"Anti, mtsinje wa wotchi yanu ndi uwu."

Anti anayang'anitsitsa bwatolo. Kenako anaseka. Kenako anapukuta m'maso.

"Ndili mwana, ine ndinkakhala kutsogolo uko," anatero Anti. "Ndinkakapa madzi ndi kambale."

"Unkagona," anatero Ambuya. "Madzi ndinkakapa ndekha."

"Wotchi imamva mkono basi," anatero Alzira. "Madzi siwaona."

"Wanena zoona," anayankha Anti. "Palasani, Atate, manja alimbe. Koma pa mchenga pomwepo. Ku Lusaka kulibe malo a bwato."

Loweruka Anti anabwera ndi basi. Sanabwere kudzatenga munthu. Anavula nsapato. Anakhala kutsogolo kwa bwato. Alzira anakhala pakati. Amayi anaima pamthunzi, ngati ali kudoko.

Ambuya anapalasa kumanja. Anapalasa kumanzere. Pa wotchi panaoneka kachithunzi ka bwato.

"Tafika, Ambuya?" anafunsa Alzira.

"Iai, tikali pakati," anatero Ambuya. "Iwe Emelina, usagone."