Timabotolo ta Ababa

Loweruka m'mawa Dokotala anagwada patsogolo pa thanki yagalasi ya pabalaza. Makorali a malemu bambo ake, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati maluwa omera pamwala, anali atayamba kuyera kunsonga. Sabata yapitayo nthambi zoyera zinali ziwiri. Tsikuli zinali zisanu.

Dzina la Dokotala anam'patsa mtsikanayu ndi bambo ake omwewo. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Loweruka lililonse ankamutungira madzi a m'thanki m'kagalasi, iye n'kudonthezamo mankhwala oyezera, akuwerenga mokweza madontho khumi. Madziwo akafiira, ndiye kuti zonyansa za nsomba zachuluka. Bambowo ankaima pambali, manja kumbuyo, nkhope ili yachisoni chabodza.

"Adokotala, odwala athu ali bwanji?" ankafunsa motero, ndipo iye ankaseka mpaka kutaya madzi pamphasa. Tsopano panali patatha zaka ziwiri chimwalirire, ndipo palibe tsiku limene ankawasowa kuposa Loweruka.

Anatsegula kabokosi ka bambo ake, nayeza. Madzi sanafiire ngakhale pang'ono.

"Mankhwala akuti zonse zili bwino," anauza amayi ake, omwe ankasita malaya pakhomo la kuchipinda.

"Nanga makoraliwo akuyereranji? Mankhwalawo akalamba, mwanangu. Tiye tikagule ena."

"Ababa ankayezera omwewa. Sanalakwitsepo."

"Bambo ako? Munthu amene ankaiwala tsiku la ukwati wake chaka ndi chaka?" Amayiwo anazimitsa simbi. "Tunga madzi m'botolo, tizipita."

Dokotala anatsatira pambuyo atatupa masaya, kabokosi kali kukhwapa.

Sitolo ya nsomba zoweta inali chimodzimodzi ngati kale: fungo la mchere, phokoso la timapampu, ndi mayi wogulitsa uja wa magalasi olendewera pamphuno. Atangomuona anamwetulira.

"Adokotala! Mwakulatu. Bambo anu ankaima pomwepo ola lathunthu, kungoyang'ana, osagula kanthu."

Mayiyo anayeza madziwo ndi mankhwala ake. Asanamalize n'kugwedeza komwe, madziwo anafiira piriwiri.

"Tayezani ndi anuwo ndione," anatero.

Dokotala anadontheza: limodzi, awiri, atatu, anayi. Anatseka kabotolo.

"Anayi okha? Amafunika khumi."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Ndikathira khumi atha msanga," anayankha motsitsa mawu. "Ndi omwe Ababa anasiya."

Amayi ake anatembenukira ku thanki ina, ngati pali nsomba yowasangalatsa kwambiri. Wogulitsayo anatenga kabotoloko n'kukatembenuza chadodolido.

"Bambo anu ndinkawadziwa ine. Taonani apa."

Pansi pa kabotolo panali kapepala komata, kolembedwa ndi zilembo zopendama zimene Dokotala akanazizindikira ngakhale ali patali. Panali mwezi ndi chaka, ndi mawu amodzi: Taya. Mweziwo unali utadutsa kalekale. Dokotala anatembenuza kabotolo kena, kenako kachitatu, ndipo ponse panali mawu omwewo. Miyezi yonseyi ankapukuta timabotoloti ndi kansalu, osaganizako zoyang'ana pansi pake.

Misozi inalengeza m'maso mwake, koma anapezeka akuseka. "Tsiku la ukwati ankaiwala, koma ili ayi."

"Ukuona nsanje yanga?" anatero amayi ake, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Wogulitsayo anayala zida zitatu patebulo. Panali timapepala tongoviika m'madzi, tachangu koma tongoyerekeza. Panali kamakina koonetsa manambala, kofuna kukonzedwakonzedwa kuti kasamaname. Ndiye panali mankhwala amadontho, ofuna munthu wodekha ndi wodziwa kuwerenga.

Dokotala sanachedwe. Anatenga amadontho, natembenuza bokosi kuti aone tsiku lothera mphamvu. Kenako anabwereka cholembera, nalemba tsikulo pansi pa kabotolo kalikonse, ndi mawu aja pambali pake. Timabotolo takale anatisiya m'sitolomo kuti akatitaye. Kabokosi kokha ndi kamene anabwerera nako, zatsopanozo zili m'kati.

Atafika kunyumba anakoka mpando wake wakale, womwe tsopano unkamuchepera, natunga madzi. Nthambi zisanu zija zinali zitafa, ndipo ankadziwa kuti anazipha ndi iye. Koma zina zonse zinali zikadali ndi mtundu wake. Anawerenga mokweza mpaka khumi, ndipo madzi anafiira.

Atacheuka anaona amayi ake ataima pambali, manja kumbuyo.

"Adokotala, odwala athu ali bwanji?"

Dokotala anakweza kagalasiko. "Akudwala, amayi. Koma achira. Bweretsani ndowa ndi thumba la mchere, tisinthe madzi."