A M'nyumba Mwanga Okha

"Iwe mbuzi, lowa! Ndinaswa miyala ku Joni ine!" Umu ndi mmene a Everson Makaiko ankatsekera khola madzulo, mawu ngati ng'oma yonyowa, mwendo wamanzere ukukwakwaza pansi: khwee, gu! khwee, gu! Mwendowo unaphwanyika mumgodi, ndipo mzere umene unkasiya m'njira mukanatha kubzalamo chimanga. Kuno ku Domasi palibe ankayerekeza kuseka, kupatula mng'ono wawo Silas. Iyeyu ankawatsatira kumbuyo akuwatsanzira, khwee, gu, mpaka iwo kutembenuka, kumutukwana, n'kumugawira ndudu.

Mpunga utacha mu 1972, Silas anapezeka ali gada m'dimba la achimwene akewo, mimba itatupa ngati thumba la chimanga, mkamwa muli mpunga wauwisi. Anali atangotha miyezi iwiri kuchikamwini, kwawo kwa mkazi wake kutsidya kwa mtsinje.

Bokosi lisanakhomedwe, a Everson anafumbatitsa mtembo singano n'kuunong'oneza: "Amene wakupha umutsate kumbuyo. Usamusiye mpaka anene yekha."

Koma kudikira kunawakanika. Analoza a Maliro, nkhalamba imene inkalima nawo malire. "Munthu dzina lake Maliro, mukufunanso umboni wanji?" Anthu anaseka, kenaka anagwirizira. Manja a mkuluyo anawalowetsa mumtondo, a Everson n'kusinja ndi musi ngati akukonola chimanga cha ukwati. Tsiku lachitatu a Maliro anatsirizika.

Ndiye zinayambika. Dzuwa likamapendeka, m'mudzi munkadzaza fungo la matope ndi mpunga wovunda, agalu n'kulowa pansi pa nkhokwe. A Everson akati khwee, gu, kumbuyo kwawo chinachake chinkayankha khwee, gu. Akaima, nachonso chinkaima, n'kumveka kaphwete ka munthu woletsa kuseka.

"Mwamva, a Jenifa?" anafunsa Eluby, mayi wina wa m'mudzimo, pachitsime.

"Ndamva awiri. Ndaona mmodzi."

A Everson anayesa njinga, chinawathamangira chikukwakwaza mpaka pa Songani. Anayesa kukwawa, nacho chinakwawa. Anaonda mpaka buluku ankachita kumangira luzi. Mbuzi zawo zinafa imodziimodzi, mkamwa muli mpunga.

Madzulo ena a Lukiya, mkazi wa malemu Maliro, anafika pakhonde anthu akuona. Anaponya pansi nsupa yokulungidwa m'sokosi ya kumgodi.

"Ndaifukula pamalire polima. Sokosi iyi kuno amavala ndani, achimwene?"

"Ndinangotsirika dimba. Akuba anachuluka."

"Potsirika amatchula oyenera kudya. Inu munatchula ndani?"

A Everson anati: "Ndinati a m'nyumba mwanga okha."

"Nanga Silas ankagona nyumba iti?"

Fungo lija linakwera pakhonde. Kuseri kwa chitseko kunamveka khwee, koma gu sanamveke. Mwendo unali m'mwamba, ukudikira.

"Amuna anga munawasinja manja," anatero a Lukiya motsitsa. "Pakamwa panu palibe wasinja. Yankhani."

A Everson anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana pamalo popanda munthu.

"Unali utapita kuchikamwini, iwe. Sindinaganize kuti nsupa idzakuwerenga ngati mlendo." Mawu a ng'oma aja anali atasanduka a mwanapiye. "A Maliro sanakukhudze. Silas, mng'ono wanga, ndinakupha ndine."