Madeya a M'kaseti

Makina otchedwa Chipetamawu ankapeta nyimbo ngati mayi wopeta mphale: mawu abwino uku, madeya uko. Ukawapatsa kaseti yakale, ngakhale yachita nkhungu, ankachotsa phokoso lonse n'kusiya woimbayo akumveka ngati waimba m'mawa womwe uno.

M'chaka cha 2053, Eluby Kachingwe, woimba jazi wa ku Ndirande, ankamaliza chimbale cha nyimbo zakale ndi zamakono zimene anaziphikanso mwa iye yekha. Inatsala imodzi, ya malemu bambo ake, yomwe anaijambula kalekale pakhonde pomwe akazi awo ankasokera zovala. Eluby sankafuna mphoto ayi. Ankangofuna kuti amayi akewo, aNangondo, omwe jazi ankati ndi nyimbo za m'mabala, amumvere akuimba ngakhale kamodzi asanatsikire kulichete. ANangondo anavomera kubwera kusitudiyo chifukwa cha mawu a amuna awo basi, ndipo anakhala pakona atapinda manja.

Yotamu, katswiri wa makinawo, anapeta kasetiyo. Mawu a malemu anatuluka oyera bwino, koma Eluby atayesa kulowa m'nyimbomo, anapunthwa katatu konse.

"Achimwene, bambo akuthamanga pena, pena akutsalira. Mwachotsamo chiyani?"

"Madeya okhaokha, chemwali. Kaphokoso kenakake kongoti tchakatchaka."

"Tabwezerani timve."

Yotamu anatsegula madeyawo paokha. Anali makina osokera, phazi likupalasa mosaphonya, ndipo malemu ankatsata pomwepo. Koma Chipetamawu, posasiya kanthu, chinakwezanso china chimene palibe anachimvapo pa kaseti ija: mawu a mayi akuvomera nyimboyo chapansipansi, akuikhotetsa mokoma kuposa mwini wake. Inali jazi yeniyeni.

Eluby anacheukira pakona.

"Amayi, zaka zonsezi?"

ANangondo anakonza duku lawo, lomwe linali lokonzeka kale. "Ndinkangothamangitsa tulo pa ntchito, mwanawe." Anamveranso kanthawi, nkhope itakwinyika. "Koma apo ndinatsika msanga. Iwe mwana wa makina, zimenezo zisapite kwa anthu choncho. Ndipatse choimbiracho."

Anaimba atatu tsiku limenelo, amoyo awiri ndi malemu mmodzi, ndipo aNangondo anadzudzula mwana wawo kawiri kuti akuchedwa kulowa. Eluby sanakondwerepo ndi chidzudzulo ngati tsiku limenelo.

Pobwerera, anangoganiza kuti zaka makumi asanu ankafunafuna komwe anatengera mawu ake, osadziwa kuti anali m'madeya.