Komera, Rahima!

Ine ndine Rahima. Ndimakhala kufupi ndi Mkanda. Ndili ndi zaka naini. Ndikufuna ndikuuzeni za mnzanga Benedicta.

Chaka chatha ndinali ndi vuto limodzi. Sindinkatha kupalasa njinga. Kwathu kuno aliyense amapalasa. Mnzanga Esnart amapalasa. Ngakhale Chipiliro, kamtsikana ka sitandade wanu, kamapalasa! Koma ine ayi. Ndinkaopa kugwa. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri.

Tsiku lina kwathu kunabwera alendo. Anali mayi ndi mwana wake wamkazi. Anachokera ku Rwanda, dziko lakutali. Ababa anawapatsa chipinda chakumbuyo. Mayiwo anali telala. Ine ndinkawatchula kuti Anti. Mwanayo ndiye anali Benedicta.

Benedicta ndi ine tinkadyera mbale imodzi. Tinkasewera limodzi. Koma kulankhula ndiye kunkavuta. Iye ankadziwa mawu atatu okha a Chichewa: moni, zikomo ndi madzi.

Koma njinga ankaidziwa! Njinga ya Ababa ndi yaikulu, yakuda. Benedicta ankalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati. Kenako uyo! Ankazungulira bwalo lonse. Ankaliza belu. Ngiri! Ngiri!

Patapita masiku, anaphunzira mawu ena.

"Rahima, kwera," anatero. "Ine gwira."

Ndinakwera. Iye anagwira kaliyala kumbuyo. Ndinapalasa kamodzi. Ndinapalasa kawiri. Njinga inapita uku. Ine ndinapita uko. Phi! Ndinagwa pansi.

Benedicta anabwera akuthamanga. "Komera! Komera!" anafuula.

Ndinamuyang'ana. Ati chiyani? Bondo langa likutuluka magazi. Iye akuti zandikomera?

"Kugwa kumakoma?" ndinakalipa. "Ndi shuga kodi?"

"Komera," anateronso motsitsa mawu.

Basi, ndinanyanyala. Masiku awiri sindinamulankhule. Ine ndikakwiya ndimakwiyadi. Amayi anandiseka. Anati, "Mlomo umenewo tikolekapo chidebe."

Tsiku lachitatu Anti anandiitana. Anali pa makina awo, akusoka diresi. Iwo ankatha Chichewa bwinoko.

"Rahima, mwana wanga, chavuta n'chiyani?"

"Anti, Benedicta amandiseka. Ine ndagwa, iye akuti zandikomera."

Anti anaimitsa makina. Anaseka mpaka misozi.

"Ayi, mwana wanga," anatero. "Kwathu munthu akagwa timati komera. Ndiye kuti limba. Limba mtima, dzuka! Nanga kuno mumati chiyani?"

"Timati pepa," ndinayankha.

Manyazi anandigwira. Ndinapita kukamufuna Benedicta. Ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza. Anali yekhayekha. Ankalira.

"Pepa, Benedicta," ndinatero.

"Pepa ndi chiyani?"

"Ndiye kuti ndakumvera chisoni. Chakuwawa iwe chandiwawanso ine."

Anapukuta misozi. "Pepa," anayesa kutchula. "Pe-pa." Tonse tinaseka. Ine ndinamupatsa pepa. Iye anandipatsa komera.

Tinayambiranso. Tsiku lililonse ndikaweruka ku madrasa, tinkatenga njinga. Ndinagwa pamchenga. "Komera!" Ndinagwa pankhokwe. "Komera!" Ndinagwera pakati pa nkhuku za Amayi. Amayi anafuula ali m'khitchini, "Komera, koma nkhuku zanga uzisiye!"

Ndinayamba kutha pang'ono. Koma mantha sanathe. Ndinkangoti, "Usasiye! Gwira, Benedicta, gwira!" Akangosiya, ine phi!

Tsiku lina foni ya Anti inalira. Anali bambo ake a Benedicta. Anali atapeza ntchito ku Chipata, ku Zambia. Ankafuna banja lawo lipite. Ulendo unali wa Loweruka.

"Rahima," anatero Benedicta, "ndisanapite, upalase wekha. Ndikufuna ndione ndi maso anga."

"Ndipalasa," ndinamulonjeza.

Lachinayi ndinayesa. Ndinagwa. Lachisanu ndinayesa. Ndinagwanso. Lotsala linali Loweruka basi.

Loweruka m'mawa Amayi anandituma kumjigo. Mzere unali wautali. Ndinadikira. Ndinadikiranso. Nditabwerera, ndinapeza chipinda chakumbuyo chili mbee. Makina panalibe. Zikwama panalibe.

"Amayi, Benedicta ali kuti?"

"Galimoto yafulumira, mwanangu. Apita ku siteji pa kabaza. Anakudikira. Wapita akulira."

Mtima wanga unawawa. Sitinatsanzikane! Ndipo sanandione ndikupalasa ndekha!

Siteji ili kutali. Wapansi sangafike msanga. Ndinayang'ana pansi pa mtengo wa mango. Njinga ya Ababa inali pomwepo. Ababa anali mu golosale yawo, akugulitsa sopo.

Ndinagwira njinga. Ndinaikankhira pamsewu. Wogwira kaliyala panalibe.

Ndinalowetsa mwendo. Ndinapalasa kamodzi. Ndinapalasa kawiri. Ndinapalasa katatu. Njinga inagwedera, koma sindinagwe! Ndinadutsa munda wa mtedza. Ndinadutsa zigafa za fodya. Mphepo inkandiomba kumaso.

Kenako ndinafika pamchenga wambiri. Tayala linalowa. Phi!

Chigongono chinasupuka. Panalibe woti pepa. Panalibe woti komera. Ndinali ndekha pamsewu. Ndinayamba kulira.

Ndili pomwepo, ndinamva hutala kutsogolo. Pii! Pii! Galimoto inkaitana anthu.

"Pepa, Rahima," ndinadziuza. Ndinapukuta misozi. "Tsopano komera!"

Ndinadzuka. Ndinadzutsa njinga. Ndinaikankha mpaka mchenga unatha. Ndinakweranso. Ndinapalasa, ndinapalasa, ndinapalasa!

Siteji ija inaoneka. Galimoto inali italira kale. Makina a Anti anali pamwamba, atamangidwa ndi chingwe. Ndinaliza belu. Ngiri! Ngiri! Ngiri!

Benedicta anasuzumira pawindo. Maso ake anatuzuka.

"Rahima! Wekha?"

"Ndekha!" ndinafuula.

Koma panali vuto. Kuima sindinkakudziwa! Masiku onse Benedicta ndiye ankaimitsa njinga. Kutsogolo kunali mayi wina ndi dengu la tomato.

"Mayo! Tomato wanga!" anakuwa mayiyo.

"Buleki!" anafuula Benedicta. "Finya buleki!"

Ndinafinya. Tswii! Njinga inaima pafupi penipeni ndi dengu. Tomato sanaphwanyike ngakhale mmodzi.

Adalaivala anaseka. "Tsika msanga, iwe," anauza Benedicta. "Mnzakoyo wabwera ngati mphepo. Katsanzikaneni."

Benedicta analumpha. Tinakumbatirana. Tinaseka uku tikulira.

"Ndaona," anatero. "Ndaona ndi maso anga."

"Uyende bwino, Benedicta."

"Utsale bwino, mchemwali wanga." Anatchula bwinobwino, ngati mwana wa konkuno.

Galimoto inanyamuka. Ndinabayibitsa mpaka fumbi linatha.

Kenako ndinamva mawu kumbuyo. "Njinga yanga! Njinga yanga!"

Anali Ababa. Anali wefuwefu, atathamanga kulondola njinga yawo. Silipasi imodzi inali m'manja. Ndinachita mantha.

"Pepani, Ababa. Ndinatenga osapempha."

"Wapalasa ndani njingayi?"

"Ine, Ababa."

"Kuchokera kunyumba mpaka pano?"

"Eya, Ababa."

"Popanda wogwira?"

"Popanda wogwira."

Ababa anavala silipasi ija. Kenako anatembenukira kwa anthu a pa siteji. "Mwamuona?" anafuula. "Ameneyu ndi mwana wanga!"

Anthu anaomba m'manja. Mayi wa tomato uja naye anaomba.

"Mawa uzipempha kaye," anatero Ababa. "Koma lero ndatopa. Unditenge."

Anakhala pa kaliyala. Miyendo yawo inkafika pansi. Ankandithandiza kukankha, koma ankachita ngati sakukankha. Ine ndinkapalasa.

"Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Ababa. "Benedicta uja watisiyira zabwino."

Ananena zoona. Mpaka lero ndimamusowa mnzanga.

Tinafika kunyumba thukuta lili kamukamu. Ababa anayamba kuitana tisanaime n'komwe.

"Amayi ake a Rahima, tulukani! Ndabwera pa kabaza lero. Dzaoneni wopalasa wake!"